Kodi ndalama ya work-study yomwe alemba pa kalata ya koleji imachotsedwa pa fizi?

Mayi wina amene akukhala ku Indiana, m'dziko la America, wandifunsa motere: "Tinabwera kuno ndi green card zaka zinayi zapitazo. Mwana wanga wamkazi amutenga ku koleji, ayamba mu Ogasiti. Pa kalata ya thandizo alembapo Pell Grant madola 7,395, thandizo la koleji 9,000, ngongole 5,500 ndi work-study 2,500. Fizi, chipinda ndi chakudya zonse pamodzi ndi 25,000 pa chaka. Ine ndawerengera ndapeza kuti tingowonjezera 605 basi, ndalondola? Mwanayu akuti bola akane work-study yo azikagwira ku weyahausi komwe amalipira bwino. Komanso mwana wa achimwene anga ku Lilongwe akufuna kubwera pa viza ya sukulu, iyenso angapatsidwe zimenezi?"

Mayi, choyamba ndikuyamikireni, kufikitsa mwana ku koleji m'dziko la eni mutangokhalamo zaka zinayi si zamasewera. Koma pa masamu aja ayi, si 605. Ndalama yomwe koleji idzakufunseni ndi madola 3,105 pa chaka, ndiye kuti pafupifupi 1,550 semesita iliyonse, ndipo gawo loyambalo amalifuna mu Ogasiti momwemo mwana asanagwireko ntchito ngakhale ola limodzi. Ndakhala ndikuwerenga makalata amenewa limodzi ndi makolo kwa nthawi yaitali ndipo apa ndi pomwe ambiri amapunthwa, ena amadzazindikira bilu itafika kale kwatsala masabata awiri kuti mwana anyamuke, ndiye mwachita bwino kufunsa panopa.

Nkhani ili chonchi. Pell Grant (thandizo la boma losabweza), thandizo la koleji ndi ngongole ija, zitatuzi zimalowa zokha mu akaunti ya mwana ya kusukulu, theka semesita yoyamba theka yachiwiri, ndipo bilu imatsika pompo inu osagwirako ngakhale senti. Mukaziphatikiza zikukwana 21,895, mukachotsa pa 25,000 ndi pomwe pakutsala 3,105 ija, ndipo muonjezereko pang'ono chifukwa pa ngongole ya boma amadulapo kaye ndalama yoposa pang'ono 1 peresenti isanalowe. Work-study yokha ndi ina. Imeneyo si ndalama yomwe mwana wapatsidwa, ndi chilolezo choti akhoza kugwira ntchito n'kulandira malipiro osapitirira madola 2,500 m'chaka chimenecho. Zili ngati amfumu akupatsani munda, mundawo ndi wanu ndithu palibe angakulandeni koma nkhokwe idakali yopanda kanthu mpaka mutalima n'kukolola. Mwana afufuze ntchito yekha, aapulaye, nthawi zina achite intavyu, agwire maola, kenako malipiro azibwera pang'onopang'ono, makoleji ambiri amalipira masabata awiri alionse ndipo lamulo limati asapitirize mwezi osamulipira. Ndalamazo zimalowa ku banki ya mwanayo osati ku fizi, pokhapokha iye mwini atasaina kuti zizipita ku akaunti ya sukulu. Kwa ife amene tinazolowera za kwathu kuti ngongole ya ku loans board ikatuluka gawo la fizi limapita ku yunivesite, n'zosavuta kuganiza kuti chilichonse cholembedwa pa kalata chimayenda choncho.

Mwina mukufunsa kuti nanga ngati ndi malipiro chabe amazilemberanji pa kalata ya thandizo. Ine pandekha kalembedwe kameneka sindikakonda, kamasocheretsa makolo makamaka amene akutumiza mwana woyamba ku koleji, bwenzi akuzilemba padera. Koma chifukwa chake chilipo. Mukadzaza FAFSA, fomu yopemphera thandizo la sukulu ku boma, boma limatulutsa nambala yotchedwa Student Aid Index, kale inkatchedwa EFC, yomwe imaonetsa mphamvu za banja lanu, ndipo ikhoza kutsika mpaka -1,500. Koleji nayo ili ndi mtengo wonse wa chaka, womwe si fizi ndi chipinda ndi chakudya zokha, muli mabuku, mayendedwe, sopo, foni ndi zina zotero zomwe sizibwera pa bilu koma mwana amalipirabe. Akachotsa nambala yanu ija pa mtengo wonsewo, chotsalacho ndiye kusowa kwanu pamapepala, ndipo ofesi ya financial aid imayesetsa kukwirira dzenje limenelo ndi zomwe ili nazo. Work-study imaperekedwa kwa okhawo amene ali ndi dzenje lotere, n'chifukwa chake imawerengedwa ngati thandizo. Koma ntchito yake yeniyeni ndi yogulira mabuku, jekete la nthawi yozizira, tikiti ya basi yobwerera kunyumba pa holide, osati yolipirira bilu ya mu Ogasiti. Yang'ananinso kalatayo, mupezapo nambala ina yokulirapo kuposa 25,000, imeneyo ndiyo mtengo wonsewo.

Pulogalamuyi ndi yakale, inayamba mu 1964 nthawi ya pulezidenti Lyndon Johnson ngati mbali ya nkhondo yake yolimbana ndi umphawi, kenako inaikidwa pansi pa lamulo la Higher Education Act. Zaka zaposachedwapa boma la America lakhala likuikamo pafupifupi madola 1.2 biliyoni pa chaka, ndipo ndalamazo sizipita kwa ophunzira mwachindunji ngati mmene zilili ndi Pell, zimagawidwa ku makoleji, koleji iliyonse ndi thumba lake, likatha latha. Ndiye pali ana ambiri oyenerera amene sapatsidwa chifukwa choti anachedwa kutumiza FAFSA kapena koleji yawo inalandira zochepa. Mwana wanu kuti zalembedwa pa kalata yake ndi mwayi womwe ena akuusowa.

Pali china chomwe makolo ambiri sadziwa koma n'chofunika kwambiri. Pa malipiro a mwana wa work-study, boma limalipira mpaka 75 peresenti, koleji kapena malo omwe akugwirako amangoonjezera 25 peresenti yotsalayo. Tangoganizani bwana wa ku laibulale ali ndi bajeti yochepa, pabwera ana awiri kudzafuna ntchito, wina azimulipira madola 12 onse pa ola kuchokera m'thumba la dipatimenti, wina azingotulutsa madola 3 okha, atenga uti? N'chifukwa chake ntchito zambiri zabwino za pa kampasi, za ku laibulale, m'malabu, m'maofesi a madipatimenti, amalemba poyera kuti ndi za a work-study okha. Komanso lamulo limakakamiza koleji kuti 7 peresenti ya thumba lija igwiritsidwe ntchito pa ntchito zothandiza anthu a m'dera, monga kuphunzitsa ana a ku pulaimale kuwerenga kapena masamu, ndipo pa zimenezi boma likhoza kulipira malipiro onse. Ngati mwana wanu akufuna za uphunzitsi kapena za unamwino ayang'ane kumeneko, malo amakhalapo chifukwa ambiri amathamangira za pa kampasi.

Tiyeni tione kuti 2,500 imeneyi ndi maola angati. Lamulo limati asalipidwe pansi pa madola 7.25 pa ola, omwe ndi malipiro otsikitsitsa a boma kuyambira 2009 ndipo ku Indiana ndi omwewo, koma makoleji ambiri amalipira kuposa apo. Tingoyerekeza kuti wapeza ya madola 12. Ndiye kuti ndi maola 208 chaka chonse, pa masabata pafupifupi 30 a sukulu akukwana maola 7 pa sabata, madola 84 pa sabata. Si zambiri koma kwa mwana amene chipinda ndi chakudya zalipidwa kale zimamusunga. Vuto limabwera akachedwa kuyamba. Ndaonapo ana ambiri amafika mu Ogasiti, masabata oyamba atanganidwa ndi kuzolowera, akamati ayambe kufufuza mu Okutobala ntchito zabwino zonse zatengedwa, ena mpaka chaka kutha osagwira n'komwe. Ndipo zomwe sanagwirire ntchito sapatsidwa, sizisamukira chaka chamawa, zimangobwerera m'thumba. Mbali inayi, akafika pa 2,500 amayenera kusiya pokhapokha ofesi ya financial aid itamuonjezera kapena dipatimenti itavomera kumulipira yokha, ndiye akaona kuti akuyandikira apite msanga kukapempha, cha mu Febuluwale kapena Marichi nthawi zambiri pamakhala zotsala za anzake amene sanagwire.

Ndiye ayambe kufufuza ntchito mu Julaye, akangopatsidwa imelo ya sukulu alowe pomwe amaika ntchito, makoleji ambiri amagwiritsa ntchito webusayiti yotchedwa Handshake, aapulaye malo anayi kapena asanu. Ndipo mayi apa ndikupempheni chinthu chimodzi chifukwa ndikudziwa mmene ife timasungira mapepala. Tsiku loyamba ntchito amadzaza fomu ya I-9, yotsimikizira kuti ali ndi ufulu wogwira ntchito, ndipo amafuna kuona chiphaso chenicheni, fotokope kapena chithunzi cha pa foni salandira. Green card yake ndi khadi la Social Security apite nazo, musazitsekere m'sutikesi kunyumba poopa kuti azitaya. Ana ambiri ataya masabata awiri atatu a malipiro podikira kuti mapepala atumizidwe. Mutsegulireni akaunti yake ya ku banki asananyamuke.

Tsopano za weyahausi. Mwanayu sakulakwa kuganiza choncho, ntchito zakunja nthawi zambiri zimalipira bwino kuposa za pa kampasi ndipo maola ndi ambiri. Anthu akamatamanda work-study amathamangira kunena kuti siionongera mwana thandizo la mtsogolo, ndipo n'zoona, malipiro a work-study sawerengedwa akamaona chuma cha mwana pa FAFSA, pomwe a ku weyahausi amawerengedwa. Koma ndikuuzeni moona kuti phindu limeneli ndi laling'ono kuposa mmene amalinenera. Pali malire a ndalama zomwe mwana angapange osakhudza kalikonse, pa FAFSA ya 2024-25 anali madola 11,130 ndipo amakwera pang'ono chaka ndi chaka, zikapitirira apo ndi pomwe theka la zopitirirazo limaonjezedwa pa nambala ija. Komanso FAFSA imayang'ana msonkho wa zaka ziwiri kumbuyo, ndiye zomwe wapanga m'chaka chomwe wayamba koleji zimadzaoneka pa thandizo la chaka chake chachitatu. Ndipo ngati Pell yonseyo mwaipeza chifukwa cha kuchepa kwa malipiro a makolo poyerekeza ndi kukula kwa banja, zomwe ndikuganiza kuti ndi momwe zilili kwa inu poti 7,395 ndiyo yapamwamba kwambiri, ganyu wa mwana pa holide sangaigwedeze malinga ngati malipiro anuwo sanasinthe. Ndiye musamuletse kugwira ku weyahausi miyezi ya Juni ndi Julaye, agwire mwamphamvu, ndalama imeneyo ndi yomwe ingathandize pa 1,550 ya mu Ogasiti.

Chomwe ndikukanira weyahausi sukulu ikatsegulidwa ndi nthawi. Bwana wa ku weyahausi alibe nazo ntchito kuti mawa kuli mayeso a chemistry, shifiti ndi shifiti, ndipo pamafunika galimoto, mafuta, inshuwalansi, nthawi yozizira msewu uli ndi chipale chofewa mwana akubwerera pakati pa usiku. Wa work-study saloledwa n'komwe kugwira pa nthawi yomwe ali ndi kalasi, ndandanda yake amaipanga poyang'ana makalasi, sabata ya mayeso amamuchepetsera maola, ndipo akatuluka m'kalasi mphindi zisanu wafika pa ntchito. Izi zikukhudzana ndi thandizo lonse lija chifukwa chaka chilichonse koleji imaona ngati mwana akupita patsogolo, makoleji ambiri amafuna GPA, avareji ya magiredi, yosachepera 2.0 komanso kuti akhoze pafupifupi 67 peresenti ya makosi omwe analembetsa. Akagwa pamenepo sataya work-study yokha ayi, Pell imaima, ngongole imaima, ndipo thandizo la koleji la 9,000 lija mwina lili ndi malire ake okhwima kuposa apa, mufunse. Kupindula madola 5 pa ola n'kutaya 16,000 ya ulere pa chaka, masamu ake sakugwira. Ndinganenenso kuti mwana amene kwawo kuno alibe amalume kapena azakhali odziwana ndi anthu m'maofesi, bwana wake wa pa kampasi ndi amene amadzamulembera kalata yomuchitira umboni akamafuna internship, ndipo mwana akayamba ndi kutsuka mabotolo mu labu chaka choyamba, chachitatu amapezeka akuthandiza pulofesa pa kafukufuku. Kwa ine phindu lalikulu la work-study lili pamenepa.

Ndipo poti tili pa nkhani ya nthawi, mundikhululukire ndinene izi ngakhale simunafunse. Mwana akangoyamba kulandira kenakake uthenga umafika msanga kumudzi, mafoni amayamba, feteleza, fizi ya azisuweni, maliro. Kuthandiza abale ndi khalidwe lathu ndipo sindikulitsutsa, koma madola 84 pa sabata sangasenze zimenezo, mwana akayesa kusenza amakafuna ntchito yachiwiri ndipo magiredi ndi amene amalipira. Muimeni kumbuyo pa zaka zinayizi, muziyankha ndinu.

Za msonkho mwachidule, malipiro a work-study ndi malipiro ngati ena onse, adzadzaza fomu ya msonkho ya W-4 poyamba ndipo mu Januwale adzalandira W-2, pepala loonetsa zomwe walandira ndi msonkho womwe wadulidwa, asalitaye. Chabwino chake n'choti wophunzira amene walembetsa makosi osachepera theka la nthawi zonse ndipo akugwira pa sukulu yake yomweyo samudula 7.65 peresenti ya Social Security ndi Medicare yomwe ku weyahausi angamudule.

Nanga akaikana chimachitika n'chiyani? Ena amaganiza kuti akakana work-study koleji isintha 2,500 ija kukhala thandizo laulere, sizitero. Nthawi zina amaisintha kukhala ngongole, koma mwana wanu wafika kale pa 5,500 yomwe ndi malire a ngongole ya boma kwa wa chaka choyamba wodalira makolo, ndiye akakana palibe chomwe chibwere m'malo mwake, mzerewo ungofufutidwa basi ndalamayo ipite kwa wina. Pomwe akaivomera kenako osapeza ntchito kapena n'kusintha maganizo, palibe chilango, palibe chobweza. Ndiye avomere. Makoleji ena amayamba kupatsa amene anagwiradi chaka chatha akamagawa za chaka chotsatira, ndipo dziwani kuti sizibwera zokha, FAFSA ndi ya chaka chilichonse, kawirikawiri imatsegulidwa pa 1 Okutobala ndipo muzitumiza msanga poti thumba lija limatha. Kale pa fomupo panali funso loti kodi ukufuna work-study, kuyambira ya 2024-25 analichotsa, ndiye chaka china mukadzaona kuti palibe pa kalata mwana alembe imelo ku ofesi kufunsa.

Pa 3,105 ija, kupatula ganyu wa pa holide, funsani za payment plan, pafupifupi koleji iliyonse imalola kugawa bilu ya semesita m'magawo anayi kapena asanu, mumangolipira kandalama kolembetsera popanda chiwongoladzanja, ndiye 1,550 imasanduka 300 ndi kenakake kapena pafupifupi 400 pa mwezi. Apa ndi pomwe work-study ingalowereko pang'ono pa magawo omalizirawo ngati mwagwirizana ndi mwana. Ngati malipiro anu atsika poyerekeza ndi chaka chomwe FAFSA inayang'ana, kaya ntchito inatha kaya munadwala, lembani kalata ku ofesi ya financial aid ndi umboni, ali ndi mphamvu younikanso. Ndipo mwana akapeza skolashipu yakunja, ya ku tchalitchi kapena bungwe lina, ayenera kuiulula ku koleji, ndipo poti thandizo lonse silingapitirire dzenje lija mwina adzafuna kuchepetsa china. Pamenepo pemphani kuti ayambe kukwirira mpata womwe watsala, kenako achepetse ngongole kapena work-study, asakhudze thandizo laulere la koleji. Ngongole ya makolo yotchedwa Parent PLUS iliponso koma ikhale yomalizira, chiwongoladzanja chake ndi chokwera ndipo dzina lomwe limalembedwa ndi lanu.

Tifike kwa mwana wa achimwene anu. Work-study ya boma ndi ya nzika za America, a green card, othawa nkhondo ndi ena ochepa otero. Wobwera pa viza ya F-1 sangapatsidwe, komanso Pell ndi ngongole ya boma sizimukhudza. Chomwe viza yake imalola ndi kugwira ntchito pa kampasi maola osapitirira 20 pa sabata sukulu ili mkati, ndipo pa holide akhoza kugwira tsiku lonse. Kunja kwa kampasi sangagwire popanda chilolezo chapadera cha CPT kapena OPT chogwirizana ndi zomwe akuphunzira, ndipo amene amamuuza kuti ukafika uzidzagwira maganyu a m'nyumba zosamalira okalamba n'kumalipira fizi akumuika m'mavuto, akagwidwa viza imathera pomwepo. Vuto lina ndi lija ndanena la 75 ndi 25, ntchito zambiri za pa kampasi zasungidwira a work-study, ndiye ana ochokera kunja ambiri amapezeka ku kafiteriya ndi malo ena omwe dipatimenti imalipira yokha. Makoleji ena, makamaka omwe si a boma ndipo ali ndi chuma, amaika pa kalata ya mwana wochokera kunja ntchito ya pa kampasi yolipidwa ndi ndalama za koleji yomweyo, ena amaitchulanso kuti work-study, ndipo ambiri a iwo amafuna fomu ya CSS Profile ya College Board kapena fomu yawoyawo m'malo mwa FAFSA. Imeneyonso imayenda mofanana, ndi malipiro a mtsogolo osati ndalama ya pa bilu. Koleji isanamupatse I-20, chikalata chomwe amakapemphera viza, idzafuna umboni woti ndalama za chaka choyamba zilipo, ndiye achimwene anu awerengere ngati kuti ntchitoyo palibe. Malamulo a viza kwa Amalawi akhala akusinthasintha posachedwapa, choncho asanalipire ndalama iliyonse yoapulayira ayambe wafunsa alangizi a EducationUSA omwe amagwira ntchito ndi ofesi ya kazembe wa America ku Lilongwe, uphungu wawo ndi waulere.

Inuyo mayi sabata ino imbirani ofesi ya financial aid mwana ali pambali panu, chifukwa akangoyamba koleji ofesiyo siikuuzani za akaunti yake popanda iye kusaina chilolezo, mufunse tsiku lenileni lomwe bilu yoyamba ikufunika, tsiku lomwe payment plan imatsegulidwa, ndi tsiku lomwe ntchito za work-study zimayamba kuikidwa.